Chenjezo kwa onse ofuna kugula nyumba zongomangidwa kumene

Ngati mwaona nyumba yatsopano pa Facebook kapena pa WhatsApp ndipo wogulitsa akukuumirizani kuti mupereke dipoziti sabata ino, imani kaye. Musatumize ndalama. Chenjezoli likupita makamaka kwa abale athu ali ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Britain, amene akumagula nyumba pongoona zithunzi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mu Blantyre oposa 800,000. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, silingakwanitse kumangira khamu lonseli. Mpatawu walowedwa ndi anthu omanga kuti agulitse. Ena mwa iwo ndi okhulupirika, koma si onse, ndipo kumene nyumbazi zikumera n'kumene kukudetsa nkhawa.

Ku Lilongwe malo ndi achidikha, choncho mzinda ukungofalikira cha ku Airwing, Njewa, Chitedze ndi Lumbadzi. Mapoloti ambiri kumeneko anali minda ya makolo, ena ndi madambo enieni. M'chilimwe dambo limauma gwa, wogulitsa n'kuthirapo dothi lofiira, n'kumanga. Mu Januwale madzi amabwerera pamalo pake. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi akudziwa zimenezi. Ku Blantyre vuto ndi lina: malo abwino anatha, ndiye ena akulowera ku Chileka, Lunzu ndi Mpemba, pamene ena akukwera mapiri. Tisaiwale msanga zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira mabanja ku Chilobwe. Nyumba yomangidwa pamtsetse kapena m'khwawa, ngakhale itapakidwa penti wowala bwanji, ili panjira ya madzi. Ku Mzuzu, komwe mvula imagwa yambiri ndipo zitunda ndi zigwa zili paliponse, vuto ndi lomwelo.

Kenako pali nkhani ya simenti. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera mtengo koopsa. Womanga kuti agulitse akafuna kupezabe phindu, amadula pamene wogula sangaone: maziko osaya, mchenga wochuluka m'mabuloko, zitsulo zochepa mu lintala, matabwa a denga osathira mankhwala a chiswe. Pamwamba pake amayala matailosi okongola. Zimandipweteka mtima kuona munthu amene wakhetsa thukuta zaka zambiri kunja akulandira makiyi a nyumba yoti iyamba ming'alu mvula yoyamba ikangodutsa.

Choopsa kwambiri ndi mapepala. Kalata ya a mfumu yokhala ndi chidindo si chikalata cha umwini wa malo. Malamulo a malo a 2016 anaika ntchito yogawa malo a makolo m'manja mwa makomiti a malo, osati munthu mmodzi. Poloti imodzi ikumagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo nthawi zina amene wagulitsa ndi mwana mmodzi wa banja, abale ake osadziwa. Mlandu ukafika kukhoti, wogulitsa uja foni yake imakhala itazima kale.

Musanalipire tambala, pemphani nambala ya poloti ndi chikalata cha lizi, mupite nazo ku ofesi ya Unduna wa za Malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, akakuonereni m'kaundula ngati dzina lilimo ndi la amene akugulitsayo, komanso ngati malowo sali pachikole kubanki. Funsani kukhonsolo ngati pulani ya nyumbayo inavomerezedwa. Ngati wamanga ndi kontalakita, aonetse kuti analembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga. Tengani mmisiri wanuwanu, osati wobwera ndi wogulitsa, akakumbe pambali pa maziko ndi kukwera kudenga. Chezani ndi anthu amene akhalitsa m'deralo, muwafunse kuti madzi amafika pati m'dzinja. Inu muli kunja, tumani mbale amene sadyapo kanthu pa malondawo, ndipo ndalama zidzere kubanki, mgwirizano utalembedwa ndi loya. Wogulitsa akakana chimodzi mwa izi, msiyeni.