Musanagule makina a reel-to-reel, yambani mwaona mahedi

Mwina mwawaonapo pa YouTube kapena TikTok: marilo awiri akuzungulira pang'onopang'ono, singano ziwiri zikuvinavina, nyimbo ikulira ngati oimbawo ali m'nyumba momwemo. Mtima umangoti ndigule basi. Sindikukuletsani, koma dziwani kuti makina ambiri amene mungawapeze lero anapangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndiye kuti ndi akulu kuposa inu. Zimene zimawala pa chithunzi cha wogulitsa n'zimene zili zosafunika kwenikweni.

Chofunika ndi mahedi, tizitsulo timene tepi imakhudza podutsa. Makina abwino amakhala ndi atatu: lofufuta, lojambula ndi loseweretsa. Tepi ikamadutsa kwa zaka zambiri imadya chitsulocho mpaka kusiya kamsewu. Mukayendetsa chikhadabo pamwamba n'kumva chikukodwa m'mphepete, hediyo yapita, ndipo mawu ake azimveka ngati wina waphimba sipika ndi bulangete. Lamba wodukayo mungagule wina, koma mahedi ndi odula, osowa, komanso amafuna katswiri kuti awaike bwino. Choncho wogulitsa akakana kutumiza chithunzi cha mahedi chojambulidwa pafupi, musiyeni. Ichi n'chifukwa chake oyamba kumene amakonda makina a Akai okhala ndi zilembo za GX, monga GX-4000D: mahedi ake ndi a galasi ndi ferrite, sakutha msanga.

Kenako magetsi. Apa ndi pamene ambiri ogula pa intaneti amagwa nazo. Makina opangidwira msika wa ku Japan amafuna 100V, a ku America 120V, pomwe kuno kwathu, ku Zambia ndi ku South Africa timagwiritsa ntchito pafupifupi 230V. Mukangowalumikiza mwachindunji, utsi. Koma ngakhale mutagula transformer, nkhani siyinathe. Magetsi a ku America ndi a 60Hz, athu ndi a 50Hz, ndipo makina ena injini yake imathamanga motsatira zimenezi. Zotsatira zake nyimbo imatsika liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, woimba wamkazi n'kumamveka ngati bambo wongodzuka kumene. Makina ngati Revox A77, amene anatuluka mu 1967, kapena Pioneer RT-707 amalamulira okha liwiro, ndiye vuto limeneli alibe. Chapafupi n'kugula ku UK kapena ku South Africa, kumene magetsi amafanana ndi athu. Kumbukiraninso kuti awa ndi makilogalamu 15 mpaka 20. M'bale amene akubweretserani pa basi ya ku Joni mumuuziretu.

Pa kukula kwa marilo, yambani ndi a mainchi 7. Aakulu a mainchi 10.5 amakongola pa vidiyo, eya, koma tepi yake ndi yodula. Rilo ya mainchi 7 yokhala ndi mafiti 1,800 imakupatsani mphindi 48 mbali imodzi pa liwiro la mainchi 7.5 pa sekondi. Ndipo ngati mukugula Akai 4000DS, funsani ngati kachitsulo kovekera pa capstan kalipo, chifukwa n'kamene kamasintha liwiro ndipo kamakonda kusowa.

Makina afika. Chonde, chonde, musayambe n'kuikapo tepi ya agogo ija, yaukwati kapena ya kwaya ya kumpingo, imene ilipo imodzi yokha padziko lonse. Makina amene agona zaka makumi atatu amakhala ndi girizi wouma, mabuleki osagwira ndi gudumu la rabara louma gwa kapena lonata. Angathe kukoka tepi n'kuitambasula kapena kuidula, ndipo mawu otambasuka sabwerera. Yesani kaye ndi tepi yopanda ntchito, ndipo apiteni nawo kwa wokonza mawailesi wachikulire amene anagwirapo makina a makaseti. Musanagule n'komwe, yambani mwamupeza munthu ameneyo. Pa Revox A77, muuzeni asinthe ma capacitor akale a RIFA, amene amadziwika ndi kuphulika n'kudzaza nyumba ndi utsi wonunkha.

Matepi akale nawo ali ndi matenda awo. Ena a m'ma 1970 ndi 1980, makamaka Ampex 456, amayamwa chinyezi n'kuyamba kunata. Mukamva ikulira kuti tswii podutsa, kapena ikusiya phala lakuda pa mahedi, imitsani pomwepo. Akatswiri amaiumitsa pa kutentha kwa pafupifupi 50°C kwa maola ambiri, kenako n'kukopera mawuwo mu kompyuta mwamsanga. Uvuni wophikira masikono si malo ake. Zojambulira zatsopano gulani tepi yatsopano. Ikupangidwabe ndi RTM ku France komanso ATR Magnetics ku America.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku si kovuta. Pakatha maola khumi akusewera, pukutani mahedi ndi njira yonse ya tepi ndi kathonje ka m'makutu konyowetsa mu isopropyl alcohol. Sipiriti wofiirira uja ayi, amasiya utoto. Gudumu la rabara lipukuteni ndi kansalu ka madzi pang'ono. Nyengo ya fumbi phimbani makinawo, nyengo ya mvula matepi asakhale pansi kapena kukhoma lachinyezi, ndipo muziwaimika ngati mabuku, kutali ndi masipika chifukwa maginito amafufuta mawu. Magetsi akazima, zulani pulagi asanabwere.

Chinanso chimene ogulitsa sanena: ma album ojambulidwa kale pa rilo ndi osowa komanso okwera mtengo, ndipo nyimbo za kwathu simungazipeze m'sitolo. Ambiri amene ali ndi makinawa amajambula okha, kuchokera pa foni, pa mbale za vinyl, kapena kuika maikolofoni awiri patsogolo pa mnzawo woimba gitala. Ngati cholinga chanu n'kupulumutsa matepi awiri atatu a m'banja, ndalama yogulira makina ndi bwino kulipira amene ali nawo kale oyenda bwino kuti akukopereni.