ANA A KATETE APAMBANA, NANGA WA KUBUSA ATSALIRENJI?

Caka ndi caka, pamene bungwe loyang'anira mayeso la Examinations Council of Zambia litulutsa zotsatira, m'midzi yambiri ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi mumamveka nthungululu. Ana a alimi wamba, obadwira m'nyumba za udzu, amene anawerenga usiku ndi koloboyi atatopa ndi khasu, amapezeka pa mndandanda wa opambana pamodzi ndi ana a ku Lusaka ndi a ku Migodi. Ena amapitirira ku sekondale, ena amalowa makoleji a uphunzitsi ndi unamwino, ndipo ena amakafika ku yunivesite. Ana amenewa ayenera kuyamikiridwa ndi mtima wonse, pakuti akweza dzina la makolo ao, la mafumu ao, ndi la Cigawo conse ca Kum'mawa. Ayamikiridwenso aphunzitsi a kumidzi, amene ambiri a iwo amapalasa njinga mitunda italiitali m'matope a dzinja kuti belo lisalire popanda woimirira patsogolo pa ana.

Kuti munthu amvetse kukula kwa cimwemwe cimeneci, ayenera kukumbukira kumene mtundu uno wacokera. Pamene Zambia analandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, m'dziko lonse munali eni dziko pafupifupi 100 okha amene anali ndi digiri ya ku yunivesite. Atsamunda anakumba mkuwa zaka zambiri, koma mwana wa mwini nthaka anamuona woyenera kudziwa zongokwanira kukhala mtengatenga, kapitao kapena kalaliki. Kum'mawa kuno, zaka zambiri, kuwala pang'ono kumene kunalipo kunacokera ku mamishoni. A mishoni ya Dutch Reformed anakhazikika ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, ndipo ndi iwo amene pambuyo pace anayambitsa sekondale ya Katete. Akatolika, kupyolera mwa a Marist Brothers, analera sukulu ya anyamata ya Chassa ku Sinda. Masukulu amenewa anagwira nchito yaikulu, koma malo anali ocepa kotero kuti mudzi wathunthu unkatha kukhala zaka khumi wopanda mwana ndi mmodzi yemwe amene anaona khomo la sekondale.

Boma la Dr Kenneth Kaunda linaika umbuli pa mndandanda wa adani a mtundu, pamodzi ndi umphawi ndi matenda. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo mbali ina ya cuma coimangira inacokera m'manja mwa anthu wamba, amene anasonkha timakobiri tao, ena mpaka nkhuku ndi mbuzi. M'midzi amuna anaumba njerwa, amai anatunga madzi ndi kututa mcenga, ndipo masukulu a pulaimale anamera ngati bowa. Akuluakulu ambiri amene lero ali ndi imvi m'maboma atatuwa anaphunzirira m'zipinda zimene makolo ao anamanga ndi manja ao popanda malipiro.

Koma mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, thumba la Boma linaphwa, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 katundu wa maphunziro anayamba kubwerera pamutu pa makolo. Ana anzeru osawerengeka anathera pa Giredi 7, osati cifukwa ca kupusa, koma cifukwa ca kusowa malo ndi kusowa ndalama. Mu 2002 maphunziro a Giredi 1 mpaka 7 anakhala aulere. Mu Januwale 2022 Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa malipiro m'masukulu a Boma mpaka Giredi 12, ndipo m'caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Thumba la citukuko la CDF, limene linali K1.6 miliyoni, linakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi onse analandira gawo lao. M'thumba limeneli muli ndalama zolipirira ana osauka ku masukulu ogonera komweko, ndi zolipirira acinyamata ofuna kuphunzira nchito za manja.

Mwai suthera pa khomo la sekondale ai. Pa Katete pomwe pali cipatala ca St Francis, cimene cinayamba mu 1948, ndipo pamenepo pamaphunzitsidwa anamwino ndi azamba. Pa Katete pomweponso pali koleji yophunzitsa za malonda a zokolola, nkhani imene iri pamtima pa mlimi ali yense amene anagulitsapo thonje kapena nshawa pa sikelo ya vendala, iye osadziwa kuwerenga cimene sikeloyo yalemba. Ku Chipata kuli koleji ya aphunzitsi ndi sukulu ya nchito za manja, kumene mnyamata kapena mtsikana angaphunzire ukalipentala, umakanika, zomangamanga ndi zamagetsi. Ngakhale mwana amene mayeso a m'buku amamubvuta ali ndi pace poonetsera mphatso yace: m'makalabu a sayansi a JETS, amene akhalapo kuyambira 1968, m'mipikisano ya makwaya, masewero ndi magule, ndiponso pa bwalo la mpira. Ndipo mu 2025, pamene ndondomeko yatsopano ya maphunziro inayamba, dzina lakale la Fomu 1 linabwerera, cinthu cimene cinamwetulitsa agogo ambiri amene anali asanazolowere konse za magiredi.

Khomo tsono liri lotseguka kuposa m'mene linakhalirapo kale lonse. Koma ali yense woyenda mu mseu wa Great East kapena wa ku Chanida pa tsiku la sukulu, dzuwa litakwera, amaona cinthu cimene cimacepetsa cimwemwe conseci. Kudambo kuli ng'ombe, ndipo kumbuyo kwa ng'ombezo kuli kamnyamata ka zaka zisanu ndi zinai kapena khumi, kopanda nsapato, kali ndi mkwapulo ndi legeni. Kameneko sikali pa mndandanda wa opambana, sikalinso pa mndandanda wa olephera, pakuti dzina lace silinalembedwe m'kaundula wa sukulu iri yonse.

Mwambo wace ndi wodziwika kwa onse. Banja lopanda ziweto limapereka mwana wao wamwamuna kwa mwini khola kuti akawete zaka zitatu kapena zinai, ndipo nthawiyo ikatha mnyamatayo amapatsidwa ng'ombe imodzi. Palibe cifukwa conyozera tate amene amacita cotere. Ng'ombe ku Katete ndi cuma ceniceni: ndiyo imakoka pulawo, ndiyo imakoka ngolo yopita ku msika ndi ku cipatala, ndiyo imaombola banja pa tsiku la mlandu kapena la maliro. Munthu amene walima ndi khasu moyo wace wonse, poona anzace akumaliza munda m'masiku awiri, sangalekerere njira yokhayo imene akuiona yopezera khola lacelace. Pamene sukulu inali ya malipiro, ndipo mwana anali wotsimikizika kuti adzathera pa Giredi 7, kuwerengera kwa tate ameneyu kunali ndi nzeru yace.

Lero kuwerengerako sikukwananso. Mnyamata wopita kubusa ali ndi zaka zisanu ndi zinai amabwerako ali ndi zaka khumi ndi zitatu, mau atayamba kusintha, ndipo manyazi samulola kukakhala pansi pamodzi ndi tiana ta Giredi 1. Kawirikawiri sabwereranso, ndipo posakhalitsa amakwatira. Ng'ombe imene anaibvutikira zaka zinai ingathe kufa ndi cigodola m'sabata imodzi, ingabedwe usiku umodzi, kapena ingagulitsidwe pa mtengo wolira m'caka ca njala monga ca 2024, pamene Boma linalengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Mnzace wa msinkhu umodzi amene anakhala m'kalasi, akamaliza unamwino kapena uphunzitsi, angathe kugulira atate ace ng'ombe zingapo ndi malipiro a zaka zocepa cabe, ndipo nzeru zacezo palibe cigodola cingazigwire. Ngakhale atapanda kulembedwa nchito, wophunzirayo amabwerera kumunda ali wodziwa kuwerenga muyezo wa feteleza ndi mankhwala a dibi, ndiponso pepala la ngongole ya thonje asanaikepo cala.

Eni makola nao ali ndi funso loti ayankhe. Ambiri a iwo ana ao ali pa sukulu, ena ali ku sukulu zogonera komweko, pamene ng'ombe zolipirira anawo zikuwetedwa ndi mwana wa mnansi wao wosauka. Makolo akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu sunapatule mwana wa munthu wopanda ziweto. Njira zilipo. Akuluakulu a m'mudzi angathe kuweta mosinthana masiku, monga m'mene amacitira pa dima. Mwini khola lalikulu angalembe munthu wamkulu namlipira monga wa nchito. Mudzi ungapatule malo a msipu ndi kuwazinga ndi waya. Anyamata angathandize madzulo ataweruka, Loweruka, ndi pa chuthi. Ndipo ngati mwini ng'ombe afuna kuthandiza banja losauka, palibe lamulo lomuletsa kupereka ng'ombe kwa mwana amene amaweta pa chuthi pokha, nakhala pa sukulu masiku ena onse.

Za atsikana zanenedwa kwambiri, koma ziyenera kunenedwabe. Pamene mabungwe a UNICEF ndi UNFPA anagwirizana ndi Boma pa nchito yothetsa maukwati a ana, imene inayamba mu 2016, Katete anali limodzi la maboma awiri oyambirira, pamodzi ndi Senanga. Kusankhidwa kotere sikunali ulemu. Malamulo tsopano ndi omveka bwino. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pakati ali pa sukulu amaloledwa kubwerera akabereka. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwatira kapena kukwatitsa mwana wa sukulu. Lamulo la maukwati, monga linakonzedwera mu 2023, likuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 suli ukwati konse, ngakhale utamangidwa pa mwambo pamaso pa ankhoswe. Nkhoswe imene ilandira nkhuku pa nkhani ya mwana wa Giredi 6 idziwe kuti yalandira mlandu.

Pa zonsezi mafumu sanakhale cete. Kalonga Gawa Undi, amene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa iye pa Mkaika mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, wakhala akulangiza mafumu ace kuti maukwati a ana athe, ndi kuti cinamwali ndi za kudambwe zisalande mwana masiku a sukulu. Conco munthu woletsa mwana sukulu m'dzina la mwambo akutsutsana ndi mwini mwambo. Mau a ku Mkaika ayenera kutsika kupyolera mwa mafumu Mbang'ombe, Kawaza, Kathumba ndi anzao, kufikira kwa nyakwawa ya mudzi wa nyumba khumi, pakuti ndiyo imadziwa khola liri lonse ndi mwana amene amalitsegula m'mawa.

Boma nalo lisaganize kuti nchito yatha. Kucuruka kwa ana kuyambira 2022 kwadzaza zipinda, madesiki sanakwane ponse ponse, ndipo mphunzitsi mmodzi sangayang'ane bwino makope a khamu la ana. M'madera a mapiri a ku Vubwi ndi m'midzi ya kumalire ndi Mozambique mtunda ukali mdani, makamaka mitsinje ikadzaza. Atsikana amene amacita lendi timanyumba pafupi ndi masekondale oyendera, akudziphikira okha kutali ndi makolo, ali pa ngozi imene ali yense amaidziwa. Nyumba zogona atsikana, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi ndi mijigo ziyenera kukhala patsogolo pamene makomiti akhala pansi kugawa ndalama za CDF. Koma kucepa kwa madesiki sikungakhale cifukwa cosungira mwana kudambo, pakuti ambiri a opambana amene akuyamikiridwa lero anayambira pansi, ena pansi pa mtengo.

Cotero masukulu akamakonza tsiku lopereka mphatso kwa ana ocita bwino, makhansala, manyakwawa, atsogoleri a mipingo, a makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndi atsogoleri a nthambi m'midzi abwere ndi zinthu ziwiri: mphatso ya wopambana, ndi pepala la maina a ana a m'mudzi mwao amene sali pa sukulu. Ophunzira amene apambana aitanidwe kukalankhula m'midzi ya kwao, kuti kamnyamata ka kubusa kaone ndi maso ace munthu wa pa mudzi pace amene wabvala yunifomu ya unamwino. Mafomu opemphera thandizo la CDF amapyolera ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo mabanja amene afunitsitsa thandizoli ndiwo kawirikawiri alibe wowawerengera. Ali yense wodziwa kulemba atenge colembera, apite pakhomo pa mai wamasiye ndi pa agogo olera adzukulu, awathandize kudzaza mafomuwo ndi kukasainitsa kwa ahedi ndi kwa anyakwawa nthawi yolandira isanathe, kuti masukulu akamatsegulira caka catsopano maina a anawo akhale atafika kale ku khonsolo.