Ichi chakoma, ichi chakoma: mawu kwa ofuna kulemba mapulogalamu

Masiku ano mnyamata aliyense amene wagwira foni yamakono akufuna kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mkangano wake mwina mwaumva: wina ati yamba ndi Python, wina ati Java ndiye ya ntchito, wina ati zonsezo nzachikale, dziko lili pa Go. Tsono mwana wa ku Mlare, kumwera kwa tawuni ya Karonga, amene wagula bandulo ndi ndalama ya mpunga, amatha mwezi wathunthu akulumpha uku ndi uku. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tinene chilungamo. Mwana wa ku Karonga sangaope chilankhulo. Kwawo amayankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, kusukulu Chingerezi, pa wailesi Chichewa, akafika pa Songwe amatsitsitsa mtengo m'Chiswahili. Koma kodi chimamupatsa phindu ndi Chiswahilicho? Ayi, ndi nzeru ya malonda. Pa kompyuta ndi chimodzimodzi. Python inatuluka mu 1991, Java mu 1995, Go mu 2009, ndipo COBOL ya mu 1959 ikugwirabe ntchito m'mabanki ena akunja. Zilankhulo zimabwera, nzeru ndiyo imakhalitsa.

Nzeru imene tikunena ndi iyi: kodi pulogalamu yako itani anthu ambiri akaigwira nthawi imodzi? Amalonda mukuidziwa kale nkhaniyi. Mu golosale mwatsala thumba limodzi la mpunga wa Kilombero. Mwana wanu walandira ndalama pakhomo, mphindi yomweyo mkazi wanu walandira ina pa foni. Aliyense anaona m'buku kuti thumba lilipo, palibe anaba, koma mwagulitsa thumba limodzi kwa anthu awiri. Kompyuta imalakwanso choncho ngati wolemba sanaiuze kuti wina akamalemba m'bukumo, mnzake adikire, monga timachitira pa mjigo: ndowa imodzi pampopi, enanu pamzere.

Izi si zamasewera. Chiyambire pamene Airtel Money ndi TNM Mpamba zinafika m'dziko muno, mpamba wa mayi wogulitsa usipa umagona m'foni. Kumapeto kwa mwezi anthu zikwizikwi amatumiza ndalama mphindi imodzimodzi. Wolemba pulogalamu akagona, ndalama ingachoke kawiri kapena kusowa panjira. Choopsa nchakuti vuto lotere silioneka ukamayesa wekha m'chipinda. Limadikira tsiku la msika.

Onani WhatsApp imene tonse tikusewera nayo. Makina ake anawalemba m'chilankhulo chosatchuka cha Erlang, chimene kampani ya Ericsson inapanga m'zaka za m'ma 1980 kuti matelefoni ambirimbiri alumikizidwe nthawi imodzi. Pamene Facebook inkagula WhatsApp mu 2014, anthu oigwiritsa ntchito anali 450 miliyoni, antchito ake osafika ndi 60 omwe. Sanasankhe chilankhulo cha fashoni, anasankha choyenera katundu wawo.

Kwathu kunonso chitsanzo chilipo. Ntchito ya Baobab Health inayamba mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo patsogolo pake Amalawi analemba m'chilankhulo cha Ruby mapulogalamu osunga mbiri ya odwala. Kalaliki, namwino ndi wopereka mankhwala ankagwira mbiri ya wodwala mmodzi, magetsi akuthimathima. Apo mpamene luso limaonekera.

Ena ati bwanji kuvutika, poti chiyambire 2022 ChatGPT imakulembera pulogalamu. Zoona imalemba, koma ikalakwitsa pa thumba lija, adzaona ndani ngati mwini wake sadziwa? Kasitomala sadzalondola makina, adzalondola iwe.

Choncho mphwanga wa ku Mlare, sankha chilankhulo chimodzi. Python ndi yofewa poyambira ndipo imatheka ngakhale pa foni. Khala nayo chaka chathunthu. Usayambe ndi maloto a Facebook yatsopano. Lemba buku la ngongole la golosale ya amalume ako, kenaka uyese anthu awiri alembemo nthawi imodzi, uone chichitike nchiyani. Ukakonza vutolo, chilankhulo chachiwiri udzachitola ngati Chiswahili cha pa Songwe.

Ndipo inu amalonda, mnyamata akabwera kudzakugulitsani pulogalamu, musamufunse kuti waphunzira zilankhulo zingati. Mfunseni za thumba lotsiriza lija. Akachita chibwibwi, sungani ndalama zanu.