Mutu wa mayi wobeleka si wa Panado cabe

Mwana akabadwa m'komboni, maso onse amapita pa iye. Abale amabwela na vitenge na sopo. Koma mayi akati, "Mutu wanibaba maningi," yankho imakhala imodzi: "Ni kulema cabe, imwani Panado mugone."

Zoona, nthawi zambili ni kusagona kapena kucepa kwa magazi. Koma pali mutu wina umene umapha, ndipo mabanja afunika kuudziwa.

Coyamba ni BP. Ambili amaganiza kuti BP ya pa mimba imatha mwana akabadwa. Iyai. Ingakwele mayi ali kale kunyumba, mpaka masabata 6 atabeleka. Ikafika 160/110, mayi angagwe monga wa khunyu, kapena mtsempha wa mu ubongo ungaphulike.

Caciwili, magazi a mayi amene wangobeleka amaundana msanga. Akatseka mitsempha yocotsa magazi mu ubongo, mutu umakulilakulila tsiku na tsiku.

Cacitatu ni jekeseni ya pamsana ya opaleshoni. Mutu wake umawawa mayi akakhala tsonga, akagona umalekako. Uwu umacizika. Koma ukabwela na thupi lotentha na khosi louma, ungakhale meningitis.

Manje, mutu ukabwela mwadzidzidzi monga mphezi, ukakana mankhwala, maso akacita mdima, mayi akasanza, akasokoneza mau, dzanja kapena mwendo ukafooka, musayembekeze kuce. Zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje na Chipata zimasebenza usiku wonse, ndipo wodwala kwambili amatumizidwa ku UTH.

Tidziwa kuti mwambo umati mayi asatuluke m'cikuta mcombo wa mwana usanagwe. Apongozi, mwambo umenewu unaikidwa kuti uteteze mayi na mwana. Usakhale cifukwa cakuti khanda likule lopanda amake. Inunso azibambo, ndalama ya taxi musaitsilize pa tsiku lobeleka. Sungankoni ina ya masabata otsatila.

Anamwino nawonso tiwapempha: mayi akabwela ku kiliniki pa masiku 6 na pa masabata 6, musapime mwana yekha pa sikelo. Pimani BP ya mayi, mumufunse za mutu, mumuuze zizindikilo izi m'cinenelo cimene amamva, mwamuna wake ali pomwepo. Kupima BP kumatenga mphindi zocepa cabe.