Chilape cha pa Lamulungu

Lamulungu lililonse mawu a Mulungu amawerengedwa pamaso pathu, kaya pa Misa ku Fonte Boa, kaya m'tchalitchi la kumudzi kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo. Koma mwana amene anakhala pa mkeka wakutsogolo tikamufunsa Lachitatu zimene zinawerengedwa, kawirikawiri amangozolika. Mwana yemweyo ali ndi zilape zambirimbiri m'mutu, zina anazimva kamodzi kokha kwa agogo ake akukazinga chimanga. Mutu wake ulibe vuto. Chilape amachisunga chifukwa anachivutikira asanapatsidwe yankho. Nchifukwa chake tikupempha kuti banja lililonse lizichoka ku mapemphero ndi chilape chimodzi chochokera m'mawu a tsikulo.

Nzeru imeneyi tikuitenga kwa Ayuda, amene Mpingo unatikumbutsa mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate, kuti mizu ya chikhulupiriro chathu ili mwa iwo. Iwo anagawa mabuku asanu a Mose, amene amawatcha Torah, m'zigawo 54. Sabata lililonse amawerenga chigawo chimodzi m'sunagoge, masabata ena ziwiri, kotero kuti chaka chikamatha amakhala atamaliza mabuku onsewo, ndipo pa chikondwerero cha Simchat Torah amayambanso ku Genesis. Kuwerenga Mose pa Sabata ndi mwambo wakalekale: buku la Ntchito za Atumwi, mutu 13 ndi 15, limautchula. Chimene chatikopa ndi zimene zimachitika kunyumba. M'mabanja ambiri opembedza, chigawo cha sabatalo chimakambidwa pa chakudya, ndipo ana amabwera kuchokera kusukulu ndi mapepala a mafunso, zilape ndi zithunzi zobisa mawu. Mwana amaona zithunzi zingapo zondandalikidwa, namafufuza dzina kapena nkhani yobisika m'menemo. Kuti apeze yankho, ayenera kubwerera ku zimene zinawerengedwa.

Nafenso tili ndi ndondomeko yathu. Kuyambira 1969 Mpingo umayendetsa mawu a Lamulungu pa zaka zitatu: chaka A cha Mateyo, chaka B cha Marko, chaka C cha Luka, ndipo kunja kwa nyengo ya Pasaka mawu oyamba amachokera m'Chipangano Chakale. Nkhokwe ndi yodzaza, chosowa ndi lichero lotapira chakudyacho kuti chifike kwa ana.

Alipo akuluakulu amene adzati mawu a Mulungu si oseweretsa. Mantha awo ndi oyenera ulemu, ndipo tiwayankhe ndi Malembo omwewo. Pamene Mulungu anaitana Yeremiya, anamuonetsa nthambi ya mtengo namufunsa chimene akuona. Mtengowo pa Chihebri ndi shaqed, ndipo liwu lonena kudikira mwatcheru ndi shoqed. Ndi chithunzi chimodzi ndi mawu awiri ofanana kamvekedwe, Mulungu anamuuza mneneri kuti akulondera mawu ake mpaka akwaniritsidwe. Amosi, m'mutu 8, anaonetsedwa dengu la zipatso zakupsa, qayits, kuti amvetse kuti chimaliziro, qets, chafika pa Israele. Ngati Mwini mawu anaphunzitsa aneneri ake motero, katekista kapena mayi wa ku Tsangano sachimwa akajambula pa dothi ndi kamtengo.

Chinyanja chathu chili nawo mawu otere. Mtengo ndi womera m'tchire, mtengonso ndi wa pamsika. Tsiku limene tamva Luka 19, bambo angathe kuponya chilape madzulo: «Anakwera mtengo kuti aone, atatsika analipira mtengo kanayi.» Ana akafika pa dzina la Zakeyo, funso lotsatira limabwera lokha: analipiriranji kanayi, ndipo ife tikabera mnzathu pa sikelo ya mbatata timabweza chiyani? China nachi: «Ndili khanda ndinayandama pa madzi osanyowa, ndili nkhalamba ndinadutsa pakati pa nyanja osanyowanso.» Ameneyo ndi Mose. Zithunzi nazo sizilira pepala. Jambulani pa bwalo mwala, makwerero ndi munthu wogona, ndipo mwana amene anamvetsera adzatchula Yakobo pa Beteli. Jambulani ng'ombe zisanu ndi ziwiri zonenepa ndi zisanu ndi ziwiri zowonda, ndipo mwafika pa Yosefe, amene analangiza Farao kusunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka za dzinthu. Kwa ife olima chimanga, mbatata ndi tirigu, ndi kwa abale athu olima fodya ku Furancungo, nkhani imeneyo imafunsa banja lonse ngati nkwanzeru kugulitsa zonse mu Juni nkumagula ufa mu Januwale.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wina kwa mabanja athu. M'nyumba zambiri mulibe Baibulo, ndipo makolo ambiri sanapite patali ndi sukulu, pamene ana awo amaphunzira m'Chipwitikizi. Zikatero kholo limayamba kudziona ngati lilibe chophunzitsa. Koma pa chilape agogo osadziwa kulemba ndiwo akatswiri. Amamva mawu ndi makutu m'mawa, nawaluka madzulo m'chilankhulo chawo, ndipo udindo umene Deuteronomo 6 amapereka kwa makolo, wophunzitsa ana ali pakhomo ndi ali pa ulendo, umabwerera kwa eni ake.

Komabe pali malire, ndipo Samisoni amationetsa pamene ali. M'buku la Oweruza, mutu 14, iye anaponya chilape cha mkango ndi uchi pa ukwati wake. Chinachokera pa zimene iye yekha anaona, kotero panalibe akanachimasulira mwachilungamo, ndipo anachiikira kubetcha kwa zovala. Mapeto ake mkazi wake anaopsezedwa, ukwati unasweka, anthu 30 a ku Asikeloni anaphedwa. Chilape chathu chisakhale chodzionetsera nzeru kapena chonyazitsa mwana wochedwa kugwira. Yankho lake lizipezeka m'mawu amene onse anamva, ndipo likapezeka, wina afotokoze nkhani yonseyo kuyambira pachiyambi. Pa guwa sitiponya zilape. Malo ake ndi pa bwalo, m'mphakati ndi pa phunziro la katekisimu.

Tiyambe Lamulungu likubwerali. Katekista akonze chilape chimodzi nachipereke pa nthawi ya zolengeza. Makolo achitengere kunyumba, achiponye mukatha kudya nsima, ndipo asafulumire kuulula yankho ngakhale ana atapereka ng'ombe zonse za m'khola. Sabata lotsatira ana abwere ndi chawo chimene aluka okha, atifunse ife akuluakulu, tione ngati tinamvetsera.