Pulani ijambulidwe ndi maso a mmisiri wa kwa Kanduku

Nyumba zina zomwe zikumangidwa masiku ano kwa Kanduku m'boma la Mwanza zimayambira pa foni. Mwininyumba ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Walipira mnyamata wa ku Blantyre kuti amujambulire pulani pa AutoCAD kapena ArchiCAD, pulaniyo yafika pa WhatsApp, mlamu wake wakwera kabaza kukaisindikiza pa Boma. Makina osindikiza mapepala aakulu sapezeka paliponse, ndiye chomwe chimafika m'manja mwa mmisiri ndi kapepala ka A4, manambala ake ali ngati nyerere zondondozana pa mzere.

Nyumba ikapindika timathamangira kunena mmisiri. Ine ndikuti nthawi zina mlandu ndi wa wojambula, amene sanakhale pansi kuganiza kuti zolemba zake zidzawerengedwa ndi yani, pa pepala lanji, padzuwa lotani.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Muyezo wa ISO 3098, womwe ojambula mapulani amaphunzira, uli ndi misinkhu yodziwika ya zilembo monga 2.5, 3.5, 5 ndi 7 mm. Ambiri amasankha 2.5 mm, ndipo pa pepala la A1, lomwe ndi 594 kwa 841 mm, zimawerengeka bwino. Koma pulani ya A1 ikapanikizidwa pa A3, chilichonse chimachepa ndi theka, chilembo chija nkukhala 1.25 mm. Ikafika pa A4 chilembocho sichikwana ndi milimita imodzi yomwe. Pamenepo 2300 ndi 2800 zimafanana. Y10 ndi Y16 zimafanananso, chonsecho ndi zitsulo zosiyana mphamvu ndi mtengo. Mmisiri wazaka makumi asanu wopanda magalasi amangosankha nambala yomwe ikumuyenera, ndipo simenti ikauma nkhani yatha.

Palinso msampha wina woposa apa. Pakona pa pepala pamakhala palembedwabe kuti 1:100 pomwe pulani yachepetsedwa kale. Fomani amene anaphunzira kuyeza ndi rula akaika rula yake pa A3, chipinda cha mamita atatu chimamupatsa 15 mm, iye nkuwerenga mita imodzi ndi theka. Ojambula amakonda kulemba m'Chingerezi kuti munthu asayeze pa pepala, koma chenjezolo limakhala m'zilembo zomwe zija zosaoneka. Kandodo koyezera kojambulidwa pa pulani pomwepo, komwe kamachepa limodzi ndi pepala, kakanathetsa vutoli mosavuta.

Chondiwawa nchakuti kukonza zonsezi sikutenga nthawi yofika pophika tiyi. AutoCAD inatuluka mu 1982, ndipo lamulo la STYLE losankhira mtundu ndi msinkhu wa zilembo ndi lakale kwambiri. DIMSTYLE imachita chimodzimodzi pa manambala a miyezo. Wojambula m'mamilimita pa sikelo ya 1:100 akafuna chilembo cha 3.5 mm pa pepala amachipatsa 350 m'chojambulacho, basi. Kuyambira pa AutoCAD 2008 pali zolemba zotchedwa annotative zomwe zimadzisinthira zokha msinkhu sikelo ikasintha. Zida zilipo. Chomwe chimasowa ndi funso limodzi loti afunse kasitomala: "Kodi mukasindikiza pa pepala lanji, bwana?" Yankho likakhala A3 kapena A4, pulani ikonzedwere pepala limenelo kuchokera pachiyambi, ngakhale igawidwe masamba asanu, maziko pa tsamba lawolawo, denga pa lakenso.

Nkhani ya mitundu nayo imandiseketsa mowawa. Pa kompyuta kumbuyo kumakhala kwakuda, ndipo mizere yachikasu, yobiriwira ndi yamtambo imawala mpaka kasitomala kuombera m'manja. Pa pepala loyera chikasu chimazimirira. Fotokope ikadutsapo kachiwiri, mawindo ndi mapaipi achoka, kwatsala makoma okha. Pali fayilo yotchedwa monochrome.ctb yomwe imasandutsa mizere yonse kukhala yakuda posindikiza, ndipo kusiyanitsa khoma ndi chitseko kumachitika ndi kunenepa kwa mzere, wina 0.5 mm, wina 0.25 mm. Izi amaphunzitsa ku MUBAS, yomwe kale tinkaitcha Polytechnic, ndi m'masukulu a ntchito zamanja. Koma ojambula ena a lero anaphunzirira pa YouTube, komwe amaonetsa nyumba yozungulirazungulira ya 3D, osati kusindikiza.

Za zilembo zokongola zopindikapindika sindinenapo zambiri. Fayilo ya DWG ikatsegulidwa pa kompyuta yomwe ilibe mtundu wa zilembowo, AutoCAD imaikapo wake wa simplex, mawu nkukwerana, nthawi zina chizindikiro chachilendo nkusanduka chofunsira. Arial ikukwanira, ndipo wotumiza atumize PDF.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani ya nyumba ya kumudzi. Akumbukire kuti Mwanza inali m'gulu la maboma omwe analengezedwa kuti akhudzidwa ndi ngozi pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kuya kwa maziko, kukula kwa chitsulo cha mu lintala, kutalikirana kwa mawaya omangira denga ku khoma, zonsezi zimafika kwa mmisiri ngati manambala ang'onoang'ono pa pepala. Munthu wagwira ntchito zaka zingapo m'dziko la eni, kudzimana, kuti nyumba yake ilimbe.

Ndipo ndani analamula kuti malangizo a pa pulani akhale m'Chingerezi chokha? Kompyuta sikana Chichewa. Mzere umodzi woti "ikani zitsulo zinayi za Y12, mphete zitalikirane 200 mm" ungamveke kwa aliyense pamalopo, kuyambira fomani mpaka wokandira matope.

Inu omangitsa, musamalize kulipira wojambula musanasindikize tsamba limodzi pa pepala lomwe mudzagwiritse ntchito. Lipatseni mmisiri wanu, aime nalo panja masana, akuwerengereni manambala onse mokweza. Akachita chibwibwi pa nambala imodzi yokha, ibwezeni pulaniyo ku Blantyre akaikonze, njerwa zidikire.