Za Brexit mwalemba, koma magetsi a ku Jersey mwawasiya

A Mkonzi,

Nkhani yanu yokhudza kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa European Union yandikhumudwitsa. Mlembi wanu wangolimbikira za misonkho ya katundu ndi ziphaso zolowera m'dziko, za magetsi sanatchule ngakhale pang'ono. Kodi za ku Jersey sanazimve?

Jersey ndi chilumba cha anthu opitirira pang'ono 100,000, pafupifupi makilomita 22 kuchokera kugombe la Normandy ku France. Chili pansi pa mfumu ya Britain koma chili ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo pa referendamu ya mu 2016 anthu ake sanavote nawo. Magetsi ake ochuluka, pafupifupi 95 peresenti, amachokera ku France kudzera pa nthambo zitatu za pansi pa nyanja.

Pangano latsopano la pakati pa Britain ndi European Union litayamba kugwira ntchito mu 2021, boma la Jersey linayamba kupereka ziphaso kwa asodzi a ku France, koma zokhala ndi malire. Asodziwo anapsa mtima. Mu Meyi chaka chomwecho nduna ya France yoona za nyanja, mayi Annick Girardin, inauza aphungu kuti France ikhoza kubwezera pogwiritsa ntchito magetsiwo. Pa 6 Meyi mabwato a asodzi anadzadza pa doko la St Helier, ndipo Britain inatumiza sitima ziwiri za nkhondo, HMS Severn ndi HMS Tamar. Mkangano wa nsomba, koma oopsezedwa n'kukhala odwala m'chipatala ndi mayi wophika kukhitchini! Magetsi sanathimitsidwe ayi, ndipo pachilumbapo pali makina a La Collette ongodikira tsiku la tsoka, koma amayendera mafuta odula.

Izi sizinachitike mwangozi. M'pangano lomwelo gawo la zamagetsi linapatsidwa tsiku lothera limodzi ndi nthawi yosinthira za usodzi, 30 Juni 2026. Olemba panganolo ankadziwa chimene ankamangirira pamodzi.

Ndiye mukamalemba za nthambo ya magetsi yochokera ku Tete kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka, chonde musamangotiuza kutalika kwake. Kafunseni akuluakulu kuti pangano la nthamboyo likuti chiyani maboma a mayiko awiri amene ikulumikiza atasemphana pa nkhani ina, ndipo woweruza ndani.

Wowerenga wanu,
Ku Blantyre